Ulendo wa ophunzira ku Bali: mukagone ku Kuta, ku Ubud, ku Sanur kapena kum'mawa?

Gulu la ophunzira likapeza mwayi wopita ku Bali, kaya ndalama zachokera ku sukulu, ku bungwe lothandiza kapena makolo asonkherana, misonkhano yokonzekera imathera pa matikiti a ndege ndi pa mndandanda wa malo okaona. Nkhani ya kumene gulu lizikagona imabwera pomaliza anthu atatopa, ndipo kawirikawiri imangosiyidwa m'manja mwa kampani yokonza maulendo. Ine ndikuona kuti imeneyi ndiyo nkhani yoyambira. Bali ndi chilumba chaching'ono cha dziko la Indonesia, chokhala ndi anthu oposa 4 miliyoni, koma misewu yake ndi yopapatiza ndiponso yothithikana, moti mtunda wa makilomita 40 utha kukudyerani maola awiri. Mukagona malo osagwirizana ndi cholinga chanu, ana adzaionera Bali pawindo la basi.

Ndiyerekeza malo anayi: Kuta ndi madera oyandikana nayo, Ubud, Sanur, ndi dera la kum'mawa la Karangasem. Ndikuganizira gulu la ophunzira 15 mpaka 30, a sekondale kapena a koleji, lokakhalako sabata imodzi kapena masiku khumi, limene likufuna kuona malo komanso kumvetsa chikhalidwe cha eni nthaka.

Zimene sizisintha kulikonse kumene mungagone

Palibe ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre n'kukatera ku Bali. Mudutsa ku Johannesburg, Addis Ababa kapena Nairobi, kenako ku Doha, Dubai kapena Singapore, n'kukatsikira pa bwalo la Ngurah Rai kum'mwera kwa Denpasar, likulu la Bali. Nthawi ya kumeneko ili patsogolo ndi maola 6, choncho tsiku loyamba musaikepo zambiri. Pasipoti iliyonse ikhale yoti yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Viza yogulira pa bwalo la ndege ndi ya 500,000 rupiah (ndalama ya ku Indonesia), ya masiku 30, koma imaperekedwa kwa nzika za mayiko amene ali pa mndandanda wa boma la Indonesia basi. Fufuzani pasipoti ya wophunzira aliyense payekhapayekha miyezi ingapo ulendo usanafike, makamaka ngati m'gulu muli a mayiko osiyana. Kuyambira pa 14 Febuluwale 2024 mlendo aliyense wochokera kunja amalipiranso 150,000 rupiah ya msonkho wa alendo ku boma la Bali. Ngati mukhalitsa ku Addis Ababa kapena ku Nairobi podikira ndege, tengani khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever.

Nyengo sikusokonezani. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo kuyambira Epulo mpaka Okutobala kumakhala kouma. Julayi ndi Ogasiti ndiyo miyezi imene alendo amachuluka ndipo mitengo imakwera. Yang'aniraninso tsiku la Nyepi, chaka chatsopano cha Ahindu a ku Bali, limene nthawi zambiri limagwa mu Malichi. Kwa maola 24 palibe woyenda mumsewu, magetsi owala panja amazimitsidwa, ndipo ngakhale bwalo la ndege limatsekedwa. Alonda a m'midzi otchedwa pecalang amaonetsetsa kuti alendo nawonso ali m'nyumba. Usiku wa dzulo lake achinyamata amayenda ndi zidole zikuluzikulu za ziwanda, ogoh-ogoh, ndipo n'zosangalatsa kuonera, koma gulu liyenera kudziwiratu kuti mawa lake silituluka.

Polowa m'kachisi aliyense amavala nsalu yomanga m'chiuno ndi lamba wansalu pamwamba pake. Chitenje chimagwira ntchito imeneyi bwinobwino, choncho anyamata ndi atsikana omwe atenge chimodzi. Mwambo wa kumeneko umapempha amayi amene ali kumwezi kuti asalowe m'kachisi. Mphunzitsi wamkazi akambirane zimenezi ndi atsikana ulendo usanayambe, osati pakhomo la kachisi pamaso pa anyamata. Ndipo lamulo limodzi ndingalilembe pa kalata imene makolo amasaina: wophunzira asabwereke njinga yamoto. Alendo ambiri amavulala pa njinga zimenezi, ndipo inshuwalansi kawirikawiri imakana kulipira munthu amene analibe laisensi yoyenera.

Miyeso inayi

Woyamba ndi mtengo, koma osati wa bedi wokha. Phatikizani chakudya, galimoto ndi matikiti olowera. Mu 2024 ndi 2025 dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi pafupifupi 16,000 rupiah. Mbale ya mpunga ndi ndiwo pa warung, kutanthauza kamalo kodyera ka banja, imagulidwa pakati pa 25,000 ndi 50,000 rupiah. Galimoto ya anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, pamodzi ndi dalaivala wake tsiku lonse, imakhala cha m'ma 600,000 mpaka 900,000 rupiah. Kwacha sasintha kumeneko, ndiye nkhani ya madola ku banki iyambikenso msanga.

Wachiwiri ndi kupezeka: kodi gulu lonse lingapeze pogona pamodzi, ndipo kodi zimene mwabwerera zili pafupi? Wachitatu ndi kasamalidwe, ndiye kuti ntchito imene imagwera aphunzitsi tsiku ndi tsiku: kuwerenga ana, kuwadyetsa, kupeza madzi akumwa popeza a pampopi samwedwa, kuchapa, ndi kuwagoneka pa nthawi yake. Wachinayi ndi zoopsa, kuphatikizapo kutalika kwa ulendo wopita ku chipatala chachikulu.

Kuta, Legian ndi Seminyak

Mtengo. Pa pepala Kuta ndi yotchipa. Mahotelo ndi ambiri ndipo amalimbirana makasitomala, bwalo la ndege lili pa mtunda wa mphindi 15 kapena 20, ndipo makampani okonza maulendo amakonda kuika magulu kumeneko chifukwa cha zimenezi. Koma chilichonse cha chikhalidwe chimafuna basi, ndipo basi ya tsiku lililonse imadya zimene munapulumutsa pa bedi. Ndalama za m'thumba za ana zimatheranso msanga m'mashopu. Seminyak ndi Canggu ndi zodulirapo.

Kupezeka. Zipinda 15 mu hotelo imodzi, malo oimikapo basi yaikulu, chakudya cham'mawa cha gulu lonse nthawi imodzi: zonsezi mupeza mosavuta kuposa kwina kulikonse. Pafupi pali kachisi wa Uluwatu, womangidwa pamwamba pa phompho loyang'ana nyanja, kumene madzulo dzuwa likamalowa amuna ambirimbiri amavina kecak, gule wopanda ng'oma, wongoyendetsedwa ndi mawu a pakamwa, wofotokoza nkhani ya Chihindu ya Rama ndi Sita. Palinso chifanizo cha Garuda Wisnu Kencana chimene chinamalizidwa mu 2018. Mu msewu wa Legian muli chipilala chokumbukira anthu 202 amene anafa ndi mabomba pa 12 Okutobala 2002. Ophunzira a mbiri ndi ndale aime pamenepo, awerenge mayina ndi mayiko a anthuwo. Kupatula zimenezi, moyo wa eni nthaka ku Kuta unapanikizidwa ndi malonda a alendo.

Kasamalidwe. Apa ndi pamene Kuta imagwera. Mabala amatsegula mpaka mbandakucha ndipo ali pa khomo penipeni pa hotelo. Mphunzitsi wa ana 25 a zaka 17 adzagona maso.

Zoopsa. Chachikulu ndi nyanja. Mwana amene anaphunzira kusambira ku Senga Bay kapena ku Mangochi amaona ngati amawadziwa madzi, koma gombe la Kuta lili pa nyanja yamchere yokhala ndi mikokomo ya madzi obwerera imene imakokera munthu kukatikati ngakhale atangoima madzi olekeza m'chiuno. Mbendera yofiira ikakhala pagombe, palibe kulowa. Sambirani pakati pa mbendera zokhala ndi mitundu iwiri, yofiira ndi yachikasu, pamene pali alonda a m'madzi. Chachiwiri ndi mowa wotchipa wa arak, umene nthawi zina umasakanizidwa ndi methanol, ndipo wachititsapo alendo khungu ndi kupha ena. Chachitatu ndi mankhwala osokoneza bongo: ogulitsa amayandikira achinyamata mumsewu, pamene malamulo a Indonesia amafika mpaka pa chilango cha imfa. Osintha ndalama a m'tinjira amene amalonjeza mtengo wabwino kuposa onse amakhala ndi luso lobweza ndalama zoperewera, choncho sinthirani kwa okhala ndi chilolezo cha Bank Indonesia. Ubwino wake ndi woti zipatala zabwino zili pafupi.

Ubud

Mtengo. Pakatikati. Mahotelo okongola a m'mphepete mwa zigwa ndi odula kwambiri, koma amenewo si anu. Anu ndi ma homestay, zipinda za alendo zomangidwa mkati mwa mpanda wa banja, zimene mtengo wake sutalikirana ndi wa ku Kuta ndipo zambiri zimapereka chakudya cham'mawa. Malo odyera a m'misewu ikuluikulu ya pakati pa tauni amalipiritsa mitengo ya alendo, koma mukapatuka pang'ono ma warung alipo. Matikiti ndi amene amawunjikana: gule wa madzulo pa bwalo la nyumba yachifumu ya Puri Saren wakhala ali cha m'ma 100,000 rupiah munthu mmodzi, ndipo kachisi aliyense, nyumba iliyonse yosungira zojambula, ili ndi mtengo wake. Chulukitsani ndi 25 musananyamuke. Chimene mumapulumutsa ndi galimoto, chifukwa masiku ena mungoyenda pansi.

Kupezeka. Ngati cholinga ndi chikhalidwe, palibe malo amene amaika zinthu zambiri pafupi ngati Ubud. Pafupifupi madzulo alionse pena pake pamavinidwa legong kapena barong, motsatana ndi zoimbira za gamelan. Nyumba ya zojambula ya Puri Lukisan, imene inatsegulidwa mu 1956, imasonyeza mmene ojambula a m'midzi anasinthira luso lawo m'zaka za m'ma 1930 atagwirizana ndi Walter Spies ndi Rudolf Bonnet m'bungwe la Pita Maha. Ku ARMA, nyumba inanso ya zojambula, ophunzira atha kukhala pansi n'kuphunzitsidwa kuimba gamelan kapena kuvina. Midzi yozungulira ili ndi maluso ake: ku Mas amasema mitengo, ku Celuk amasula siliva, ku Batubulan amasema miyala. Malo akale a chipembedzo a Goa Gajah ndi Gunung Kawi, komanso kasupe wopatulika wa Tirta Empul zonse zili mkati mwa ulendo wa theka la ola kapena kupitirira pang'ono.

Koma chimene ndimaona kuti n'chopindulitsa koposa, makamaka kwa ana ochokera kwa alimi, ndi subak, dongosolo la alimi logawana madzi othirira. Minda ya mpunga yomwe mumaiona pa zithunzi, yokwera m'mapiri ngati masitepe, siithiriridwa ndi boma kapena kampani. Alimi omwa ngalande imodzi amapanga bungwe lawo, amasankha mtsogoleri wotchedwa pekaseh, ndipo amagwirizana nthawi yobzala ndi kagawidwe ka madzi. Mabungwewa amalumikizana kudzera mu akachisi a madzi, kuyambira kakachisi ka pamunda mpaka kachisi wamkulu wa Ulun Danu Batur pafupi ndi nyanja ya m'phiri. Kubzala ndi kugoneka minda nthawi imodzi kumachepetsa tizilombo, ndipo wa kumtunda sangamane madzi wa kumunsi popanda kudzipweteka yekha. UNESCO inaika dongosolo limeneli pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2012. Wophunzira amene waonapo mikangano ya madzi pa sikimu ya mpunga kwawo adzakhala ndi mafunso eni eni ofunsa mlimi wa kumeneko. Konzani kudzera kwa mwini homestay kuti gulu likumane ndi pekaseh kapena membala wa subak, ndipo mumlipire pa nthawi yake. Minda ya Tegallalang ili pafupi koma inadzaza ndi akatungwe ojambulitsirapo zithunzi. Ya Jatiluwih ili patali, pafupifupi ola limodzi ndi theka, koma ndi yotakata ndipo ulimi wake ndi weniweni.

Kugona mkati mwa mpanda wa banja nakonso ndi phunziro. M'mawa ana adzaona amayi akuika canang sari, timabasiketi ta masamba a kokonati tokhala ndi maluwa ndi lubani, pa kachisi wa banja ndi pakhomo. Auzeni asamapondepo. Mukagwirizanitsa ulendo ndi Galungan, chikondwerero chobwera masiku 210 alionse, mupeza misewu yonse yakongoletsedwa ndi nsungwi zazitali zopindika zotchedwa penjor.

Vuto la kupezeka ndi limodzi: homestay imodzi siingatenge anthu 30. Mudzagawa gulu m'nyumba zitatu kapena zinayi za m'kanjira kamodzi, ndipo m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti muyenera kusungitsa malo kudakali miyezi ingapo. Midzi ya m'mbali monga Nyuh Kuning, Penestanan ndi Peliatan ndi yabata kuposa pakati pa tauni.

Kasamalidwe. Kugawa gulu kumafuna mphunzitsi mmodzi pa nyumba iliyonse. Basi yaikulu imavutika m'misewu ya Ubud, choncho konzani maminibasi awiri. Kupatula apo ntchito ndi yopepuka, chifukwa tauni imagona msanga ndipo malo ochapira zovala polipira pa kilo ali paliponse. Pali nkhani ina yofunika kuikamba mosabisa. Ku Tirta Empul alendo amaloledwa kulowa m'madzi n'kuchita mwambo wodziyeretsa. Kwa eni ake limeneli ndi pemphero. Makolo ambiri achikhristu ndi achisilamu sangafune mwana wawo achite nawo, ndipo ali ndi ufulu wotero. Kambiranani kunyumba, ndipo pasakhale wokakamizidwa. Kuima pambali mwaulemu n'kumaonerera ndi kuphunzira kokwanira.

Zoopsa. Apusi a ku Monkey Forest amalanda chakudya, magalasi ndi mafoni, ndipo amaluma akaopsezedwa. Matenda a chiwewe akhalapo pa chilumbachi kuyambira mu 2008, makamaka mwa agalu, ndiye aliyense wolumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo kwa mphindi 15 n'kupita ku chipatala tsiku lomwelo. Udzudzu wa dengue umaluma masana, ndipo neti yokha sikwanira: mafuta odzola othamangitsa udzudzu akhale m'chikwama cha aliyense. Ulendo wokwera phiri la Batur, la mamita 1,717, kukaona dzuwa likutuluka umayamba cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo pamwamba pamazizira. Ndi wabwino kwa amphamvu, koma usakhale wa aliyense. Zipatala zazing'ono zilipo, zikuluzikulu zili ku Denpasar, ulendo wa ola limodzi.

Sanur

Mtengo. Wokwererapo pang'ono kuposa Kuta pa bedi, koma mahotelo apakatikati a m'misewu ya kumbuyo kwa gombe ndi ofikirika. Msika wa usiku wa Sindhu umadyetsa gulu lonse motchipa.

Kupezeka. Sanur satchulidwa kwambiri m'zotsatsa za achinyamata chifukwa ndi ya phee, ndipo ubwino wake ndi umenewo. Ili kum'mawa kwa Denpasar, theka la ola kuchokera pa bwalo la ndege, ndipo msewu wopita ku Ubud umadutsa ku Batubulan ndi ku Celuk. Mahotelo otenga gulu lonse alipo. M'mphepete mwa gombe muli njira ya oyenda pansi ndi okwera njinga yotalika makilomita angapo. Mbiri ilipo yambiri kwa woifuna. Mwala wa Blanjong, wolembedwa m'chaka cha 914, uli konkuno. Pa gombe lomweli ndi pamene asilikali a ku Netherlands anatsikira mu 1906, ndipo pa 20 Sepitembala chaka chomwecho mfumu ya Badung ndi anthu ake, atavala zoyera, anayenda molunjika ku mfuti za adani posafuna kugonja. Imfa imeneyi imatchedwa puputan, ndipo bwalo lokumbukira lili pakati pa Denpasar, moyandikana ndi Museum Bali. Ana amene anaphunzira za John Chilembwe ndi 1915 adzakhala ndi zambiri zokambirana za njira zimene anthu anakanira atsamunda.

Denpasar yeniyeniyo ndi mzinda wa eni nthaka, umene alendo ambiri amangoudutsa. Msika wa Pasar Badung umasonyeza zimene anthu amadya ndi kugula. Ndipo ngati tchuthi chanu chigwa pakati pa Juni ndi pakati pa Julayi, Sanur imaposa ngakhale Ubud, chifukwa nthawi imeneyo ku Taman Werdhi Budaya kumachitika Pesta Kesenian Bali, chikondwerero cha mwezi wathunthu chimene chinayamba mu 1979. Magulu ovina ndi oimba amachokera m'maboma onse a chilumbachi, oonerera ambiri ndi eni nthaka, ndipo zionetsero zambiri n'zaulere. Magulu a koleji athanso kulembera Universitas Udayana kapena sukulu ya zaluso ya ISI kupempha kukacheza ndi ophunzira anzawo.

Kasamalidwe. Pa malo anayi onsewa pano ndi popepuka. Gulu limagona denga limodzi, basi imaima pakhomo, ndipo madzulo ana atha kuyenda m'mphepete mwa gombe m'timagulu popanda kudutsa m'mabala. Chakudya cha Asilamu sichivuta. Nkhumba imadyedwa kwambiri ku Bali, makamaka yootcha yotchedwa babi guling, koma malo odyera a Padang, ophika zakudya za ku chilumba cha Sumatra, ndi ma warung a Asilamu ali paliponse m'dera la Denpasar, ndipo m'malo odyera a Padang mupezanso chigwada. Nsima kulibe, ndi mpunga katatu patsiku, ndipo tsabola wa sambal ndi woopsa kwa osazolowera. Amene mtedza umawadwalitsa achenjere, chifukwa umalowa mu msuzi wa sate ndi gado-gado.

Zoopsa. Matanthwe a m'nyanja amatchinga mafunde, choncho madzi a pagombe ndi odekha ndiponso osaya. Chipatala chachikulu cha boma, RSUP Prof. Ngoerah, chimene ambiri amachidziwabe kuti Sanglah, chili pafupi. Choopsa chenicheni cha Sanur ndi chiyeso cha Nusa Penida. Maboti othamanga amanyamuka pa doko la Sanur n'kufika pa chilumbacho m'mphindi pafupifupi 45, ndipo mwana aliyense amene waona chithunzi cha gombe la Kelingking pa Instagram adzafuna kupitako. Misewu ya kumeneko ndi yotsetsereka ndi yoipa, njira yotsikira kugombe ndi yaphompho, ndipo mafunde a magombe otchukawo aphapo alendo. Mukapita, kaoneni muli pamwamba, osasambira, ndipo botilo likhale ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense. Nyanja ikakhala yoipa, lekani, ngakhale mutalipira kale.

Kum'mawa: Sidemen, Candidasa ndi Amed

Mtengo. Pogona ndi chakudya n'zotchipa m'malo ambiri, koma galimoto iyenera kukhala nanu nthawi zonse. Kuchokera pa bwalo la ndege ndi maola awiri kufika ku Sidemen ndi pafupifupi atatu kufika ku Amed. Makina otulutsira ndalama ndi ochepa, choncho tengani rupiah zokwanira.

Kupezeka. Kuno ndi kumene Bali amakhala mmene amakhalira popanda kudzionetsa kwa alendo. Ku Sidemen amayi amaluka nsalu za songket ndi endek, ndipo minda ya mpunga ili m'tsinde mwa phiri la Agung. Tenganan, pafupi ndi Candidasa, ndi mudzi wa a Bali Aga, amene anasunga malamulo awo akale ndipo amaluka gringsing, nsalu imene ulusi wake wa mbali zonse ziwiri umanyikidwa mu utoto isanalukidwe, ntchito yotenga zaka. Besakih, kachisi wamkulu wa chilumba chonse, ali pa phiri la Agung. Pa njira mudutsa ku Klungkung, kumene denga la bwalo la milandu la Kerta Gosa linajambulidwa zilango za ochimwa. Ku Amed ndi ku Kusamba mabanja ena amapangabe mchere pothira madzi a m'nyanja pa mchenga wakuda. Ku Tulamben sitima ya ku America ya USAT Liberty, imene inawombedwa mu 1942 ndipo inatsetserekera m'madzi phiri litaphulika mu 1963, ili pafupi ndi gombe moti odziwa kusambira amaiona ali pamwamba ndi magalasi a m'madzi.

Chipata cha kachisi wa Lempuyang chimene chili pa zotsatsa zonse ndingachisiye. Nyanja imene imaoneka pansi pa chipatacho pa zithunzi kulibe: wojambula amaika kagalasi pansi pa kamera ya foni. Mzere wodikira chithunzi chimenecho umatenga maola. Nthawi imeneyo ikathereni ku Tirta Gangga, munda wa madzi wa mfumu ya Karangasem. Pogona ndi pang'onopang'ono, ndipo gulu loposa 15 lidzavutika kupeza malo amodzi kupatula ku Candidasa.

Kasamalidwe. Usiku palibe kothawira, ndiye mphunzitsi amagona tulo. Koma zonse zimafuna kukonzeratu: warung ya m'mudzi siingaphikire anthu 20 osauzidwa dzulo lake, mataxi oitanitsa pa foni a Grab ndi Gojek sadalirika kuno, ndipo Chingelezi chimamveka mochepa. Mufunika wotsogolera wa kumeneko amene akhale nanu.

Zoopsa. Mtunda wa ku chipatala ndiwo waukulu. Ku Amlapura kuli chipatala, koma matenda aakulu amatumizidwa ku Denpasar, maola awiri kapena atatu. Misewu ndi yokhotakhota, ndipo malole a mchenga amayendamo ambiri. Agung ndi phiri lamoyo: mu 1963 linapha anthu oposa 1,000, ndipo mu Novembala 2017 phulusa lake linatseketsa bwalo la ndege masiku angapo. Boma la Indonesia limalengeza mlingo wa chenjezo pa webusaiti ya MAGMA Indonesia, ndipo inshuwalansi yanu ikhale yolipira ndege ikalephereka chifukwa cha phiri.

Ndiye musankhe pati?

Ngati ndi ana a sekondale, gulu ndi lalikulu, aphunzitsi ndi awiri kapena atatu okha, ndipo makolo ali ndi nkhawa, gonani ku Sanur masiku onse n'kumapita ku Ubud ndi ku Uluwatu masana. Muluza m'mawa wa m'mpanda wa banja, koma ana mudzawabweza onse ali bwino. Chimodzimodzinso ngati m'gulu muli wodwala mphumu, shuga kapena khunyu, kapena woyenda pa njinga ya olumala.

Ngati ndi ophunzira a zaluso, zoimba, chipembedzo kapena ulimi, ndipo muli ndi mphunzitsi mmodzi pa ana asanu ndi atatu alionse, Ubud ndiyo yanu, ndipo mugone m'midzi ya m'mbali. Ulendo ukagwa pakati pa Juni ndi Julayi, chotsanipo masiku awiri kapena atatu mukagone ku Sanur chifukwa cha chikondwerero cha ku Denpasar.

Kum'mawa ndi kwa gulu laling'ono la a koleji, la anthu 10 kapena 12, lokhala ndi funso lofufuza, kaya la nsalu, mchere, matanthwe a m'nyanja kapena moyo wa pafupi ndi phiri lophulika. Ana aang'ono apiteko tsiku limodzi kuchokera ku Sanur kukaona Klungkung ndi Tenganan.

Kuta ndingaigwiritse ntchito usiku umodzi wokha, woyamba ngati ndege yafika pakati pa usiku, kapena womaliza ngati ikunyamuka m'mamawa. Kampani ikakupatsani mtengo wotsika wokhala ndi masiku onse ku Kuta, ipempheni ilembe maola amene gulu lidzakhale mu basi tsiku lililonse, ndipo muwerengere pamenepo. Kwa gulu la masiku khumi lopanda vuto lapadera, ine ndingagawe motere: masiku atatu ku Sanur kuti matupi azolowere, asanu ku Ubud, ndi awiri omaliza ku Sidemen kapena kubwerera ku Sanur, malinga ndi kukula kwa gulu ndi nthawi imene ndege ikunyamuka.